Nyimbo Isanalowe m'Bwalo

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni poti ndimo tinaleredwera, ngakhale mtima ukufuna kuthamangira ku nkhani. Muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukudzutsabe mudzi wonse ndi kutsokomola kwanu kuja? Nanga alamu miyendo ikuwalola kufika kumunda? Ine kuno ndilipo. Bondo lomwe linandibweretsa m'tauni muno adokotala analibaya jakisoni, moti tsopano ndimatsika masitepe osatukwana munthu. Chomwe chikundiwawa panopa si bondo ayi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Nyumba ino makoma ake ndi opyapyala, ukayetsemula kuchipinda wa pabalaza amakuuza kuti pepani. Komanso inu pa foni mumangoti eee, eee, kenako n'kuwafunsa alamu kuti kodi amati chiyani. Ndiye werengani pang'onopang'ono. Zilembo zanga mukuzidziwa kale, zimayenda ngati nkhuku yonyowa.

Nkhani ndi ya mwana wanga, yemwe ndi mwana wanunso poti ndinu malume ake, ndi mdzukulu wanu. Nyumba imodzi, tebulo limodzi, koma salankhulana.

Mukudziwa kuti mwana wanga uja mkati mwa sabata amawotcherera zitsulo, koma kuno palibe amene amamudziwa ndi ntchito imeneyo. Aliyense amangomuti Wang'oma. Loweruka likafika amasenza ng'oma yake ya mgolo kupita ku bwalo la mpira, n'kukaima pakati pa masapota kuseri kwa golo. Ndiye si kuimba ng'oma kokha. Iyeyo ndi amene amapeka nyimbo za osewera. Kuno wosewera atha kuvala jezi, kujambulitsa ndi mabwana, kutuluka m'nyuzipepala, koma masapota samuwerengera kuti ndi wawo mpaka Wang'oma atamupekera nyimbo.

Tsono mwana wake wamkazi, yemwe tinkamuti Magalasi uja, atamaliza sukulu yake ya manambala analembedwa ntchito ku timu yomweyo. Sakhala pa benchi, ndipo mpira sanaumenyepo chibadwire. Amakhala m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa bwalo, iye ndi anzake, maso pa kompyuta. Amaonera anyamata a kumatimu akutali omwe palibe anawamvapo, n'kumawerenga kuti uyu wathamanga motani, wapatsira mnzake kangati, walanda mpira kangati. Akatero amakauza mabwana kuti gulani uyu, uyu musiyeni. Tsiku lomwe anamulemba ntchito bambo ake anayenda msika wonse kulengeza. Anauza ndi wotola zinyalala yemwe, munthu woti sanafunse.

Ine ndinamufunsapo mdzukulu wanuyo kuti umasankha bwanji munthu woti thukuta lake sunalinunkhizepo. Anandikhazika pansi n'kundionetsa timadontho tofiira ndi tobiriwira, ati kadontho kalikonse ndi pomwe munthu anamenyera mpira. Ati nthawi zina timu imagonja koma itasewera bwino, ndipo iwo ali ndi zomwe amazitcha zigoli zoyembekezera. Ndinamuuza kuti akazipatse moni zigolizo, ndipo zikadzachira andiuze ndikaone mwana. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Masiku amenewo m'nyumba muno munkamveka kuseka.

Woyamba kugulidwa ndi manambala akewo anali mnyamata wa dziko lina, wamtali ngati anachita kumukoka, miyendo ngati zotokosera m'mano. Masapota atangomuona anamutcha Nsungwi. Achimwene, munthu ameneyo poyamba ankachititsa manyazi. Mpira ukamudzera kumanja iye ankayang'ana kumanzere. Akadumpha ankatera pa mnzake wa timu yomweyo. Timu inagonja, n'kugonjanso, n'kudzafanana mphamvu ndi katimu kena koti ngakhale nsapato kamabwerekana. Wapampando wa masapota, bambo wina wa butchala wa mimba ngati thumba la makala, anayamba kulalata pa wailesi kuti timu yagwa m'manja mwa ana osewera ndi makompyuta.

Amene anaima pakati ndi mwana wanu. Ankati akaweruka, osasamba n'komwe, amapita pomwe masapota amasonkhana, pa siteji ya maminibasi, kometera, kuseri kwa butchala komweko, kukawapempha kuti adekhe. Ankawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankati mwana wanga sanama, akati munthu uyu adzagoletsa ndiye kuti adzagoletsa. Tsiku lina anabwera malaya atanyowa, wina atamukhuthulira chakumwa kumutu. Tsiku linanso analumbira pamaso pa gulu kuti Nsungwi akapanda kugoletsa, iye aboola ng'oma yake ndi manja ake omwe. Ine ndinamuuza kuti usamaike khosi lako pa miyendo ya mwana wa eni. Anati sakuika pa miyendo ya Nsungwi, akuika pa mutu wa mwana wake.

Ndipo Nsungwi anayambadi kugoletsa. Kona ikangomenyedwa, mutu wake unkatulukira pamwamba pa mitu yonse ngati munthu wosuzumira kumpanda, mpira uli muukonde. Omwe ankamutukwana aja anayamba kunena kuti iwo anaona kale. Wabutchala anatumiza nyama kuno osauzidwa. Wang'oma anapeka nyimbo yoti nsungwi yaweramira pagolo, goloboyi itana amako. Anandikakamiza kupita ku bwalo kamodzi kuti ndikamve. Ndinakhala pa simenti yotentha, bondo likuwawa, wina akundiponda chala, koma anthu onse aja ataiyamba nyimbo ya mwana wanga ndinamva simenti ikunjenjemera pansi panga. Ndinayang'ana kumtunda komwe kumakhala antchito a timu, ndinaona Magalasi ataimirira, akuimba nawo. Ndinati Mulungu, ngati n'kufa ndife lero.

Apa m'pamene zinakhotera. Wang'oma anati nyimbo ya munthu wotere singathere pa ndime imodzi, ayipekera yachiwiri. Ankaipeka pa tebulo tikudya, supuni ikugogoda mbale. Amayesa mawu awa, n'kuwataya, n'kuyesa ena. Kenako amatembenukira kwa mwana wake kuti iwe wophunzirawe, apa pakukoma ndi ati? Anafika pomupempha kuti akamufunse Nsungwi liwu limodzi la chilankhulo cha kwawo, loti aliike kumapeto mnyamatayo adzamve kuti kuno wapeza abale. Magalasi anangoti bambo, musadzivute, yoyamba ija ndi yokwana. Bambo ake anati waona ana a sukulu, sadziwa kuti chokoma amaonjezera.

Mtsikanayo anayamba kuthawa tebulo. Amati wadya kale kuntchito, kapena mutu ukumuwawa. Ine ndi nzeru zanga za ukalamba ndinaganiza kuti ndi nkhani ya mwamuna. Ndinamutsekera kubafa n'kumufunsa kuti kodi mwezi wauona? Anandiyang'ana ngati akufuna kulira, n'kuti agogo, bola zikanakhala zimenezo.

M'mawa wina wailesi inalengeza kuti Nsungwi wagulitsidwa ku timu yolemera ya kunja, ndipo wanyamuka kale. Mwana wanu anamvera ku shedi kwake. Tsoka lake, wabutchala anali pomwepo, atabweretsa ngowe zopachikira nyama kuti amuwotcherere. Akuti sananene zambiri, anangoti a Ng'oma, ndime yachiwiri ija mukaimbira ku bwalo la ndege?

Mwana wanuyo anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, magalasi akuda owotcherera akadali pachipumi. Anadikira mwana wake mpaka kuweruka, osadya, osavula nsapato. Mtsikanayo atalowa anamufunsa funso limodzi lokha, kuti unkadziwa? Iye anati inde. Anamufunsa kuti pamene ndinkagogoda mbale paja unkadziwa? Anati inde bambo, ndipo ndine ndinawauza mabwana kuti nthawi yomugulitsa ndi ino.

Ndikuuzeni zomwe mtsikanayo ananena, chifukwa sindikufuna mubwere mutamuweruza kale. Anati kuntchito anamuletsa kuuza munthu aliyense, ndipo akanauza bambo ake, pofika madzulo bwalo lonse likanadziwa, masapota akanatseka geti, ogulawo akanathawa. Anati timu yaing'ono ngati iyi ilibe bwana wa thumba lakuya. Imakhala ndi moyo pogula osadziwika, kuwakulitsa, n'kuwagulitsa asanathyoke mwendo. Kupanda kutero osewera otsalawo salandira malipiro, magetsi a pa bwalo amadulidwa, ndipo tsiku lina sipadzakhala timu yoti munthu aiimbire ng'oma. Anati wapeza kale wina, wamfupi, womenya ndi mwendo wamanzere, ndipo akangopatsidwa nthawi anthu adzaona.

Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati iwe umagula n'kugulitsa, ukadina batani munthu wachoka. Ine ndimalowetsa munthu m'mitima ya anthu. Tandiuza batani lomutulutsira. Anatinso ndinayenda tauni yonse kuuza anthu kuti adekhe aone maso a nkhono, nkhonoyo itangotulutsa maso iwe waigulitsa, ndipo unandisiya ndikuipekera nyimbo ngati chitsiru. Magalasi anati pepani bambo. Iye anati pepani wakoyo umuike mu kompyuta, mwina adzagoletsa.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muno muli ngati m'chipinda chodikirira ku chipatala. Mpongozi wanga amaika chakudya pa mathireyi awiri, ina kupita nayo pakhonde, ina kuchipinda. Ine ndimadya ndekha pa tebulo ngati mlendo wosafunidwa.

Wamfupi uja anabweradi. Masapota amutcha Risiti, ati ndi chokhacho chomwe chinatsala Nsungwi atagulitsidwa. Sanagoletsebe. Magalasi akuti timadontho take tili bwino kuposa ta Nsungwi pa nthawi ngati yomweyi, ndipo mwina n'zoona, ine ndingadziwe bwanji. Koma timu ikugonja, ndipo Wang'oma wakana kumupekera nyimbo. Akuti sapekanso nyimbo ya katundu wa pa shelefu. Mnyamatayo amalowa m'bwalo kuli zii, ngati wabwera kudzawerenga mita ya madzi.

Lamulungu lapitalo masana kunabwera wabutchala ndi akomiti ake. Anakhala pa mipando yanga yabwino, mmodzi mpaka kuika phazi pa katebulo. Anamuuza mwana wanu kuti masapota agwirizana kuti pa masewero akubwerawa a pakhomo akufuna nyimbo ya anthu a makompyuta, yoti mabwana aimve mpaka m'mafupa. Anati akakana, malo ake kuseri kwa golo apatsa wina, poti sangatsogoleredwe ndi munthu amene mtima wake uli m'kachipinda kopanda zenera.

Mukundidziwa achimwene, sindinathe kukhala chete. Ndinatuluka kukhitchini ndi chikombe m'manja. Ndinamuuza wabutchalayo kuti iwe umagulitsa ng'ombe tsiku ndi tsiku, imene unayamba waiimbirapo nyimbo ndi iti? Ndinati amuna akuluakulu, ndevu mpaka pachifuwa, mukufuna kusonkhana bwalo lonse kuti mutukwane kamtsikana kamodzi kovala magalasi. Ndinati dekhani, mwanayo anakuuzani zoona ulendo woyamba. Ndinkayesa kuti andibwezera mwano kuti ndipeze poyambira. Koma bamboyo anachotsa chipewa n'kunena mofatsa kuti agogo, ife tinadekha kale. Tinanyowa ndi mvula, tinasekedwa ndi matimu anzathu, tinadekha. Kudekha kwathuko anakugulitsa pamodzi ndi Nsungwi. Tsopano tidekhenso kuti Risiti akadzakoma adzamugulitsenso? Achimwene, apa bamboyo anandipambana. Ndinabwerera kukhitchini.

Ndayesa zonse zomwe nkhalamba ingayese. Ndinabisa timitengo ta mwana wanga toimbira ng'oma m'thumba la makala, iye anangotenga tizitsulo ku shedi. Ndinapita kwa mpongozi kuti alankhule ndi mwamuna wake, anati amayi, ine ndakhala pakati pa ng'oma ndi kompyuta mpaka makutu atseka, ndisiyeni. Ndinapita kwa Magalasi kuti akagwade kwa bambo ake anene kuti analakwa. Anati anapepesa kale chifukwa chowapweteka mtima, ndipo atha kupepesanso mawa ndi mkuja, koma sanganene kuti analakwitsa ntchito, poti zitabweranso angachite chimodzimodzi. Mutu umenewo mukuudziwa komwe anautenga. Si kwa amake.

Kenako ndinamutsatira mwana wanga ku shedi. Ndinamupeza sakuwotcherera, wakhala pa chitini akugogoda chidebe ndi zala. Ndinati ukufuna kuvula mwana wako pagulu? Anati mayi, nyimboyi sindinaiitane, yabwera yokha, ndipo ikundimana tulo. Anati simutchulidwa dzina la munthu. Ndinati taimba ndimve. Anaimba motsitsa mawu, osandiyang'ana:

Wamagalasi, wamagalasi, tawerenga misozi,
ikachuluka pa sikelo, utigulitse nafenso.

Ndinamuuza kuti dzina mulibedi, monga mmene palibe dzina pa chithunzi cha munthu. Ndinati ndinakubereka ndine, ndikukuletsa. Anati mayi, mukandiletsa aimba ya wina, ndipo ya winayo mudzakhala zotukwana ndi dzina lomwe. Bola yanga. Ndinati ya wina mwanayo adzaiwala, ya bambo ake sadzaiwala. Anatsitsa magalasi akuda aja n'kuyatsa moto wake, ine n'kutsala ndikulankhula ndi nthethe.

Tsono chomwe chandilembetsa kalatayi ndi cha dzana. Achimwene, nyimboyo ndi yokoma. Ndikunena ndi manyazi. Imayamba pansipansi ngati munthu akudandaula yekha, kenako imakwera pa mawu oti misozi, moti ukangoimva kamodzi imakukhala m'mutu ngati nsabwe. Dzana madzulo ndinkatsuka mbale, maganizo ali kutali, osadziwa kuti pakamwa panga pakutuluka chiyani. Nditatembenuka ndinapeza Magalasi waima pakhomo la khitchini, chikwama cha laputopu chili paphewa. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Ndinali nditafika pa utigulitse nafenso.

Ndinafuna kunama kuti ndi ya kutchalitchi. Iye anati musavutike agogo, ndinaimva kale, amaiimba akamasamba. Kenako anati ndi yokoma, eti? Anati bambo sanapekepo ina yoposa imeneyi, bwalo lonse lidzaigwira ulendo umodzi. Ananena akumwetulira, ngati akunyadira. Anatenga kansalu n'kundithandiza kupukuta mbale mpaka yomaliza, kenako anakalowa kuchipinda kwake.

Dzulo ndikusesa kuchipindako ndinaona makatoni pansi pa bedi, ena atamangidwa kale ndi chingwe. Mpongozi wandinong'oneza kuti pali timu ina ya kutali kwambiri yomwe yakhala ikumuitana, ndipo iye ankakana chifukwa ankafuna kugwira ntchito pomwe bambo ake amaimba ng'oma. Sananene kuti nyimbo ikaimbidwa achoka. Koma ine makatoni ndimawadziwa. Munthu samanga chingwe pa katundu woti akhala.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Sabata ino timu ikukasewera koyenda, masewero a pakhomo ndi a kumapeto kwa mwezi. Bwerani asanafike. Za ulendo mpongozi wati akonza, inu mungonyamula jekete ndi mankhwala anu a chifuwa. Mwana ameneyu ine sandimvanso, amandiona ngati wailesi yoiwalika yosazimitsa. Koma inu ndi amene munamupangira ng'oma yoyamba ya chitini cha penti, ndinso amene munamunyamula paphewa kukaonera mpira koyamba. Mukukumbukanso kuti munamulanda chitinicho tsiku lomwe anapeka nyimbo yoseka mwana wachibwibwi wa aneba, ndipo munamubwezera atapita kukapepesa yekha. Mpaka lero akamakutchulani amatsitsa mawu.

Sindikukulonjezani kuti mukabwera zitheka. Sindikudziwanso kuti mudzamuuza chiyani, poti ndaganiza mpaka mutu kutentha ndipo sindikupeza wabodza. Mtsikanayo sakunama, bambo ake sakunama, ngakhale wabutchala wamimba uja sakunama. Chomwe ndikudziwa n'chakuti madzi akatayika saoleka. Nyimbo ikadali m'bafa ndi ku shedi ndi ya mwana wanu, atha kuimeza. Ikangolowa m'bwalo si yakenso. Adzaiimba ana a sukulu, adzaiimba makondakitala, idzamupeza mtsikanayo kulikonse komwe angapite, ngakhale Risiti atadzagoletsa zigoli zodzaza dengu. Mwina mukadzangokhala pakhonde n'kumuyang'ana muja mumayang'anira, adzakumbukira chitini chija. Mwinanso ayi. Komabe bwerani, ndisakhale ndekha pa tebulo tsiku limenelo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ndawasungira, mudzawatengera pobwerera. Moni kwa mwana wanu wamkulu wa kumudziko ndi mkazi wake, kwa adzukulu onse, ndi kwa mng'ono wathu, ngakhale sanandiyankhe uthenga wanga chaka chino chonse. Nkhaniyi musamuuze, mukudziwa kuti pakamwa pake palibe chitseko. Mpongozi akupereka moni. Awiri enawo sakudziwa kuti ndalemba.

Mukadzafika musadzandiuze kuti ndikuimbireni nyimboyo kuti muiweruze. Mukaimva kamodzi mudzabwerera nayo kumudzi. Ine pano ndikulemba kalata yoti isaimbidwe, koma phazi langa pansi pa tebulo likuiponda.

Ndine mlongo wanu,
Amake Wang'oma